Afundi a ku Linga ndi Singano ya Geji

Ana anga, inu amene mukuyenda lero pamsewu wa M5 m'galimoto zoziziritsa m'kati, mwina simudziwa kuti kale kuno ku Nkhotakota dalaivala ankayendetsa diso limodzi lili pamsewu, lina lili pa kasingano ka geji yoonetsa kutentha kwa injini. Galimoto za masiku amenewo zinali ma Land Rover, ma Peugeot 404, malole a Bedford opita ndi mpunga ku ADMARC, ndi matola odzaza madengu a usipa wouma, ndipo zonsezi zinkayesedwa ndi zinthu ziwiri: dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno ndi chikweza cha msewu wa ku Kasungu wodutsa m'nkhalango ya nyama.

Galimoto yongophika madzi poyera inali yosavuta, chifukwa nthunzi inkadziulula yokha. Yozunguza mutu inali ija imene singano yake inkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, osakhazikika pakati. Ku Linga kunali afundi achikulire, zikhatho zakuda bii ndi girizi, ovolosi ikununkha oyilo wopsa, amene ukawapititsira matenda oterewa sankathamangira sipanala. Ankakukhazika pa tayala lakutha patsinde pa mango n'kuyamba kufunsa: "Achimwene, imakwera nthawi yanji, pachikweza kapena mukaima? Imakwera mwapang'onopang'ono kapena imachita kudumpha?" Safunsa anadya phula, ndipo yankho lililonse linkawalozera pamalo pakepake.

Ukati imadumpha galimoto ikagunda bampu, ankagwedeza waya wochokera pa injini kupita ku geji, poti madzi odzaza injini sangatenthe n'kuzizira m'kuphethira kwa diso. Wonama ndi waya wokhwepa kapena wadzimbiri. Ukati imakwera ukaima pamsika n'kutsika ukayamba kuthamanga, ankadinikiza lamba wa fani ndi chala chachikulu kuti amve ngati wakhwepa, kenako n'kusuzumira kumaso kwa rediyeta. Pamenepo pankapezeka zodabwitsa: njere za udzu, agulugufe, ndi nkhungu zija zimauluka ngati utsi kuchokera panyanja, zitamatirira ndi fumbi mpaka mphepo kusowa polowera. Ukati imakwera ukamalimbana ndi chikweza, ankakayikira m'kati mwa rediyeta, chifukwa madzi amatope otunga ndi chigubu ku Bua kapena ku Kaombe amasiya dzimbiri lotseka timapaipi, ndiponso amadya mapiko a pampu ya madzi.

Koma ikamasewera pamalo athyathyathya, kuyambira ku Chia mpaka ku Benga, mlandu unkagwera themositati kapena mpweya wotsekeredwa m'njira za madzi. Ndimakumbukira afundi atakoleza mbaula, ataponya kachitsulo ka themositati m'kapoto ka madzi, ife anyamata titaunjikana kuyang'anitsitsa. Kabwino kankayamba kuyasama madzi asanawire, pa madigiri 82 kapena kupitirirapo pang'ono, n'kutsekanso madzi akamazizira. Kodwala kankachita mphwayi, kukakamira kenako n'kutseguka mwadzidzidzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero mkuluyo akusonkhezera makala. Anzawo ena ankangokachotseratu ati kunyanja n'kotentha kale, koma iwo ankakana, chifukwa injini yopanda themositati imazizira mopitirira potsetsereka kubwera kunyanja, imamwa mafuta ambiri, ndipo imakalamba msanga.

Chitsekero cha rediyeta nacho sankachipeputsa. Kamphira kake kakauma, madzi amawira msanga n'kutayika pang'onopang'ono, mpweya n'kulowa m'malo mwake. Ndipo lamulo lawo lalikulu linali lakuti chitsekero sachitsegula injini ili moto, popeza madzi ake amalumpha n'kusupula nkhope. Ankadikira mpaka m'mawa, n'kuchitsegula injini itazizira, n'kuiliza. Akaona thovu likutumphuka mosalekeza pakamwa pa rediyeta, kapena oyilo atasanduka woyererako pansi pa chitsekero chake, ankapukusa mutu mwachisoni, chifukwa pamenepo gasiketi yapsa ndipo thumba la mwini galimoto lilira.

Masiku ano pasiteji padzaza ma Sienta ochokera ku Japan, ndipo galimoto zambiri zatsopano zilibenso singano. Zimangoyatsa kanyali kofiira zinthu zitaipa kale. Fani ikuyendera magetsi, ndipo amakaniko achinyamata ali ndi makina olumikiza pagalimoto n'kuwerenga vuto. Zimenezi n'zabwino, ndipo m'mashopu mulinso mankhwala othira m'rediyeta oletsa dzimbiri, amene ife tinkangowamva mbiri. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti mafunso aja achepa. Munthu akugula pampu lero, rediyeta mawa, mkuja sensa, ndalama za mpunga wa chaka chonse n'kuthera pazitsulo, vuto lili kalamba kapena kachitsekero kotsika mtengo.

Choncho ana anga, ngati muli ndi galimoto yachikulire ndipo singano yake yayamba kuyendayenda, musaithamangitse kuti mukafike kaye ku Dwangwa. Imani pamthunzi, idikireni izizire, muone madzi, ndipo musunge m'mutu malo amene inakwerera ndi pamene inatsikira. Mukafika kwa makaniko mufotokoze zonsezo asanagwire sipanala, chifukwa theka la ntchito yake lili m'kamwa mwa dalaivala wachidwi. Afundi aja anagona kalekale, koma mawu a akulu akoma akagonera.