Khanda la shuga wotsika

Ambirife tikamva za shuga timaganiza za agogo amene adawaletsa Fanta. Mwana wa achemwali anga vuto lake ndi losemphana: kapamba wake amatulutsa insulin wochuluka, ndiye shuga amatsika mpaka mwana kulefuka, kunjenjemera, mwinanso kukomoka. Achibale ena ankati ndi khunyu, ena kumanong'ona za ufiti. Madokotala amati ndi congenital hyperinsulinism, matenda osowa obadwa nawo, nthawi zambiri ochokera m'majini a ABCC8 kapena KCNJ11. Chondiopsa ine n'chakuti ubongo wa khanda ukasowa shuga umatha kuwonongekeratu. Panopa akumwa diazoxide, koma achemwali amatcherabe alamu pafoni kuti asapitirize nthawi yoyamwitsa. Ndikagona kwawo, ya 2 koloko usiku ndimadzuka nawo, ine n'kumuyeza shuga pachidendene.