Madzi Saiwala Khwawa

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ambiri amanena mwambiwu podzudzula munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, koma kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche mpaka ku Usisya, mawuwa ndi chenjezo lenileni kwa aliyense wofuna kuika chuma chake pa malo ndi nyumba.

Kale Atonga sankagula malo. Mfumu inkapereka, banja n'kumasunga. Pamalopo pankakhala munda wa chinangwa, manda a makolo, ndi doko loimikapo mabwato ndi kuyanikapo makoka. Amuna opita ku Joni ndi ku Harare akabwerako ankamanga nyumba ya njerwa yofolera malata, ndipo ankaimanga pamtunda, osati pamchenga. Msewu wa M5 utayamba kubweretsa alendo odzaona nyanja, malo ogona anamangidwa ku Chintheche ndi ku Kande, ndipo mchenga umene kale unali wa aliyense unayamba kukhala ndi mtengo.

M'dera la Mfumu Fukamapiri munali abale awiri amene bambo awo anawasiyira malo oyandikana m'mbali mwa nyanja. Wamng'ono anakumana ndi mlendo wa chikwama chonenepa, nagulitsa gawo lake usiku, osauza alongo ake kapena mfumu. Ndalamazo anagula galimoto yakale ndi wailesi. Zaka zitapita, galimoto inagona pamiyala, ndipo ana ake ankapempha chilolezo kuti adutse pampanda kukatunga madzi pamene anabadwira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wamkulu anayamba ndi kuitana banja lonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anagwirizana zosagulitsa. Anayenda m'malire pamodzi ndi anyakwawa ndi anansi, nadzala mitengo m'ngodya zonse. Gawo lina analibwereketsa kwa wamalonda pa mgwirizano wolembedwa, wa zaka zowerengeka, wosiya njira ya asodzi yotsegula. Ndalama za lendi sanadye. Anaumba njerwa, namanga nyumba ziwiri zazing'ono pafupi ndi msewu, zimene aphunzitsi ndi anamwino amachita lendi. Mng'ono wake ankamuseka kuti akuchedwa, iye n'kumangoyankha kuti, “Achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Pamene ankafuna kumanga, mayi ake okalamba anamulozera mtengo umene madzi anafikapo mu 1980, chaka chimene nyanja inakwera koposa. “Mwananga,” anatero, “nyanja ili ndi malire ake, ndipo imabwera kudzawayendera.” Iye anamvera, nakankhira maziko kumtunda. Mu 2024 nyanja inakweranso, nilowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti sayenera kumanga pansi pa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. Zimene bungwe linanena ndi manambala, gogo uja anali atanena kale ndi chala. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Palinso phunziro la mphekesera. M'zaka za m'ma 1970 boma linakonza zomanga fakitale ya mapepala ku Chintheche, yodzagwiritsa ntchito mitengo ya ku Viphya. Anthu anasamutsidwa, chiyembekezo chinakula, koma fakitaleyo sinamangidwe. Wogula malo chifukwa chakuti wamva kuti kukubwera chitukuko aziyamba wafunsa chimene malowo angamupatse ngakhale chitukukocho chitapanda kufika. Aganizirenso za msewu. Usisya ndi wokongola, koma thumba la simenti limafikako movutikira, pa msewu wa m'mapiri kapena pa sitima ya Ilala. Mpamba alibe mchenga wokopa alendo, komabe ali pa msewu wa pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, ndipo nyumba kapena sitolo yomangidwa pamenepo sichedwa kupeza munthu.

Masiku ano mawu apakamwa okha sakwanira. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yakuti banja lilembetse malo ake kudzera m'makomiti a malo, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa malamulo okhudza anthu akunja ofuna malo m'dziko muno. Wogula afunse kwa mfumu, kwa anansi, kwa alongo a wogulitsayo ndi ku ofesi ya malo asanatulutse kobiri, chifukwa malo amodzi amatha kugulitsidwa kwa anthu awiri. Safunsa anadya phula.

Mdzukulu amene lero ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, wosunga ndalama zakuti adzamange kwawo, asanyoze nzeru zimenezi. Ndalama imatha, galimoto imachita dzimbiri, koma malo osungidwa bwino amadyetsa ana ndi ana awo. Amange pamtunda, alembetse malire, ndipo asiye njira ya kudoko yotsegula, pakuti amene adzamunyamule tsiku lomaliza ndi omwewo amene amadutsa pamenepo ndi nkhafi paphewa.