Achemwali, Kuno Kwazizira

Mayfair, Johannesburg
Julayi 2024

Okondedwa achemwali anga,

Mwina mudabwa kuti ndalemberanji papepala pomwe foni muli nayo. Mawu a pa WhatsApp aja mumawamvera pakhonde aliyense atatchera khutu, ndiye ine ndimangoseka n'kumati zonse zili bwino. Izi zokha muwerenge muli nokha, kaya kudimba, kaya ana atagona.

Paja tinkati chiperoni cha kwathu ku Mulanje ndiye mapeto a kuzizira. Ayi ndithu, achemwali. Chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, munthu n'kukhala pamoto ukuotcha mbatata. Kuzizira kwa kuno n'kouma. Kumwamba kumakhala kuli mbee, dzuwa likuwala, koma mphepo ikudula makutu. M'mawa udzu umayera, milomo imang'ambika, zala zimakana kumanga mabatani. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700, n'chifukwa chake. Chaka chatha pa 10 Julayi kunagwa sinowo, uja tinkangomuona pa makadi a Khirisimasi. Eni dziko omwe anadabwa, poti anagwa komaliza mu 2012. Azibambo a matayi anatuluka m'maofesi kukajambula. Ine ndinali ndikukolopa pakhonde kuntchito. Ndinaika mopu pansi, n'kutambasula dzanja, timadontho toyera tija tikusungunuka ndisanatione bwinobwino. Ndinaseka ndekha, kenako ndinatembenuka kuti ndiitane munthu adzaone. Pabwalo panali galu wa abwana yekha.

Tsiku langa limayamba kukadali mdima. Chipinda timagawana ndi mnzanga wa ku Masvingo, pakati tinapachika katani. M'nyumba yomweyo muli mabanja ambiri ndipo bafa ndi limodzi, ndiye ukachedwa kudzuka usamba madzulo. Kenako ndi ulendo wa pa takisi, maminibasi a kuno amawatchula choncho. Saimitsa ndi pakamwa, amaimitsa ndi zala. Ukaloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, ukaloza pansi ukutsikira pafupi. Mulibe kondakitala. Ndalama zimayenda kuchokera kumbuyo, mpando ndi mpando, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji cha anthu onse. Mpando umenewo ndimauthawa. Masamu sandivuta, mukudziwa, koma ukakhala pamenepo uyenera kuyankhula, ndipo ukangotsegula pakamwa aliyense amadziwa kuti si iwe wa kuno. Foni ikalira m'takisi sindiyankha. Ngati munayimbapo m'mawa ine osayankha, musamati mwana uja wayamba matama.

Ntchito yake ndi yomwe ija ya m'nyumba: kuchapa, kusita, kukolopa, kulera ana a eni. Lamulo la dziko lino linati kuyambira Malichi 2024 wantchito aliyense, ngakhale wa m'nyumba, azilandira R27.58 pa ola kapena kuposa apo. Lamulo ndi labwino. Koma ife timalowa ndi chidindo cha masiku 30, ndipo masikuwo akatha, munthu amayenda akuyang'ana kumbuyo. Woteroyo angakadandaule kwa yani? Ambiri amangolandira chimene apatsidwa n'kuthokoza. Galimoto ya apolisi ikaima pakona, msewu wonse umasanduka wa anthu ofulumira, poti aliyense akudziwa za ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasunga ogwidwa asanawabweze kwawo. Kulinso magulu monga Operation Dudula amene amayenda m'misewu kunena kuti obwera tizipita. Tsiku la zionetsero timauzana pa foni usiku, ndipo m'mawa palibe amene amatuluka.

Sindinakuuzeni bwinobwino za moto wa pa 31 Ogasiti chaka chatha. Nyumba yosanja ku Marshalltown, m'kati mwa tauni, inapsa usiku ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Munali zipinda za makatoni ndi mapulanga, munthu aliyense pofuna pogona potchipa. Masabata otsatira tinkangosonkha, uyu R50, uyu R100, kuti amene azindikirika akagone kwawo. Kutumiza maliro kuchokera kuno ndi ndalama zoti munthu mmodzi sangazikwanitse, ndiye chopereka cha maliro sindiphonya ngakhale mwezi utavuta chotani. Kuyambira nthawi imeneyo, magetsi akazima sindigona kandulo isanazimitsidwe, ngakhale ya mnzanga kuseri kwa katani. Amandinena kuti ndine gogo, koma amazimitsa.

Chimene chimapweteka kwambiri ndi kumva za kwathu uli kutali. Nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023, ndinkaona pa foni madzi akutsika m'phiri ndi miyala, midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe itakwiririka, Chilobwe ali matope okhaokha. Foni yanu sinkapezeka. Ndinkasita malaya a abwana manja akunjenjemera, n'kumwetulira akandifunsa ngati tiyi wapsa. Inu munali m'madzi, komabe munali pamodzi, mumadziwa amene ali moyo. Mwezi wathawu zachitikanso chimodzimodzi ndege ya a Chilima itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni. Amalawi a m'nyumba muno, a zipani zosiyana, Asilamu ndi Akhristu, tinaunjikana pa foni imodzi mpaka pakati pa usiku. Tsiku loika maliro ku Nsipe ena anajomba kuntchito kuti aonere. Akuluakulu sananame kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalata. Musakhumudwe nayo. Foni ya kumudzi ikalira, mtima wanga umayamba wagunda, chifukwa ndikudziwa kuti moni akangotha pakubwera vuto: feteleza, fizi, malata, mankhwala a amayi, amalume adwala. Sindikukana, ndinabwerera zomwezo. Ndikudziwanso kuti chaka chino mvula inadula, kuti boma linalengeza ngozi ya njala m'maboma 23 mwa 28, ndiponso kuti chimanga chimene munakolola sichifika Okutobala. Koma anthu ena kumeneko, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, anayamba kunena kuti a ku Joni alemera, randi yakwera. Inde manambala amene mumalandira ku Mukuru anakula, nanga shuga, sopo ndi feteleza sizinakwere tsiku lomwelo? Kuno lendi sinatsike. Ndalama imene ndimatumiza imachoka pa nyama imene sindinadye ndi juzi imene sindinagule. Ndikunena izi kwa inu nokha, amayi asamve, angayambe kukana thandizo.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Nthawi zina muzingoyimba popanda chifukwa. Mundiuze kuti mbuzi ija yaswa angati, ndani wakwatiwa, ndani wathawa banja, mpeyala wa kuseri kwa khitchini wabereka bwanji, mjigo akonza kapena ayi. Miseche yomwe ija tinkadyera chinangwa madzulo ndiyo ndikuisowa. Mukamandiuza mavuto okhaokha, mudzi umayamba kuoneka ngati ngongole, ndipo ine sindifuna kuti ndiziopa foni yochokera kwa mayi anga.

Musaganize kuti ndimangolira. Zokoma ziliko, ndipo ndaphunzira kuzigwira ndi manja awiri. Lamulungu ndi langa. M'mawa ndimapita kutchalitchi, timapempherera m'kalasi ya sukulu ina imene timachita lendi, ndipo kwaya ikayamba m'Chichewa, amayi atamanga zitenje pamwamba pa mathirauza chifukwa cha mphepo, ndimayimba mpaka mawu kusasa. Tikaweruka ndimadzera kwa anyamata amene amagulitsa za kumudzi m'mbali mwa msewu. Matransipota amabweretsa usipa, utaka, matemba, nandolo, mpunga wa Kilombero, ngakhale Sobo. Mtengo wake mutaumva mungagwire pakamwa. Kamulu ka usipa kamene kwathu timapatsa mwana kuti akagule ndi chenji, kuno ndimakaganizira kawiri. Komabe ndimagula.

Ndikafika ndimauviika m'madzi ofunda, kuchotsa mitu, kuukazinga ndi tomato ndi anyezi. Fungo likangotuluka, zitseko zimayamba kutseguka, aliyense akufunsa kuti zafika liti. Ufa wa kuno ndi wa m'mapaketi, woyera bwino, koma sunaviikidwe ngati mphale yathu, ndiye nsima yake ilibe kafungo kaja ka ufa woyanika pamphasa. Eni ake amaphika youma yoyoyoka, ena amadyera supuni. Ine ndimavundula mpaka mkono kuwawa, n'kuomola ndi chipande chija munandiikira m'chikwama. Kuseri kwa nyumba ndinadzala maungu m'matayala awiri akale. Chilimwe chathachi ndinathyola nkhwani kangapo, nsinjiro ndinasinja ndi botolo pathebulo poti mtondo kulibe. Chisanu chawauma tsopano, koma mbewu ndasunga m'kabotolo. Tikadya, timatulutsa mipando padzuwa, kulukana tsitsi, kunena za kwathu mpaka mthunzi kutipeza. Maola amenewo palibe amene amandiitana kuti ndikatenge kanthu.

Tina n'tating'ono kwambiri moti mundiseka. Madzi otentha otuluka pampopi. Makina ochapira, amene mpaka lero ndimaima n'kumawaonerera ndikukumbukira mabulangete amene tinkapondaponda ku Likhubula. Malalanje a nyengo ino, otchipa ndi otsekemera, thumba lonse. Mu Okutobala misewu imachita bii ndi maluwa a jakaranda, ndipo masana kumagwa mvula ya mabingu, nthawi zina ya matalala, n'kukata msanga, fumbi lonse litagona. Pamalo pokwerera takisi pali agogo ena ogulitsa mandasi, eni dziko. Tsiku lina anandimva ndikutsokomola, mawa lake anandibweretsera ndimu ndi jinja m'kapepala, ndalama anakana. Sitimvana bwino chiyankhulo, koma akandiona amandiwonjezera limodzi. Choncho mukamva za nkhanza za kuno, musati onse ndi otero.

Koma moni, achemwali, moni. Kwathu kuchoka kumjigo kufika kunyumba munthu umatha ola, uyu akufunsa za amayi, uyo akufuna kudziwa ngati chifuwa cha mwana chatha. Ndinkanyansidwa nazo, ndinkati anthu a pamudzi pathu alibe zochita. Kuno ukhoza kudwala sabata yathunthu kuseri kwa chitseko, woyamba kugogoda n'kukhala mwini nyumba. Ndimalakalaka kudzuka n'kuona phiri lili pomwe lija, mitambo itakhala pa Sapitwa, minda ya tiyi ili yobiriwira mpaka kumapeto kwa maso. Ndimalakalaka kalongonda wa amayi, uja amamuphika tsiku lonse akutaya madzi, nanazi za pa Chitakale, phokoso la pa msika wa Limbuli, thobwa wa m'chikho pa chinkhoswe.

Masiku ano ndimaganiza kwambiri za agogo aamuna. Paja anabwera kuno kumigodi pa Wenela, a Kamuzu asanaletse maulendowo ndege ina itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70 ochokera kumigodi. Tinkangodziwa za njinga, wailesi ndi jekete lalikulu lija. Za pansi pa mgodi sankanena, ankangotsokomola. Ife tinkati ndi nkhalamba yosakonda nkhani. Pano ndawamvetsa. Munthu ukabwerera kwanu ndi katundu, anthu akuvina, suyamba kufotokoza kuti unkagona pati.

N'chifukwa chake za mng'ono wathu ndikuti ayi, pakadali pano. Wandilembera kuti akangomaliza mayeso a Fomu 4 mwezi uno ndimutumizire ya basi. Waona chithunzi chija ndinajambulitsa ku Sandton, pafupi ndi chiboliboli cha Nelson Mandela. Mumuuze kuti jekete lija linali lobwereka, ndipo pamalopo sindinagule ngakhale madzi. Mumuuzenso za ulendo: Mwanza, Zobue, mlatho wa Tete, Nyamapanda, Beitbridge, masiku awiri kapena atatu miyendo itatupa, ndi za atsikana amene amanyamulidwa pangongole n'kufika kuno ali kale m'manja mwa munthu. Adikire zotsatira. Akakhoza, fizi ya kosi ndiyesetsa, ngakhale zitatanthauza kuti malata a nyumba yanga adikire chaka china. Akaumirira kubwera, abwere ndi pasipoti yake m'manja, ndipo ndikamuchingamire ndine.

M'chikwama chimene chabwera ndi kalatayi muli bulangete la amayi, mafuta ophikira, sopo, ndi nsapato za mwana wanga. Ndagula zokulirapo poti sindikudziwanso phazi lake. Zikakhala zazikulu muikemo pepala, azivala chaka chamawa. Mundiyezere phazilo ndi ulusi, muudule, mupatse transipota yemweyu pobwerera, pamodzi ndi ufa woyera pang'ono ndi mfutso ngati ulipo. Ndamva kuti wayamba kukuitanani kuti amayi. Musamuletse, ndinu amene mukumusambitsa. Koma madzulo ena muzimuonetsa chithunzi changa, chija cha chitenje osati cha ku Sandton, n'kumuuza kuti uyunso ndi mayi ake ndipo akubwera.

Za Disembala sindilonjeza, ndiona mmene ndalama ziyendere. Mupereke moni kwa alamu, amalume, azakhali ndi onse a pamudzi. Amayi muwauze kuti ndanenepa. Ndipo Lamulungu likubwerali, cha m'ma 3 koloko masana, ndiyimba. Mukonzeretu nkhani, ndipo ya feteleza ikhale yomalizira.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
wa ku Joni