Mbale Yachitatu

Mu Malichi 2020 boma litatseka masukulu chifukwa cha kolona, ndinabwerera kwa amai ku Katete. Usiku wina msuweni wanga anagogoda. Bala imene ankagwirako ntchito ku Sinda inali itatsekedwa, ndipo kwawo ku Vubwi atate ake anamupitikitsa kalekale atamva kuti amakonda amuna anzake.

Ine, ndi digiri yanga yonseyi, ndinanjenjemera. Miyezi inayi m'mbuyomo, khoti linali litagamula amuna awiri a ku Kapiri Mposhi zaka 15 m'ndende pa nkhani yomweyi.

"Amai, anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Tenga mbale ina."

Azimai a m'chilimba ankadziwa zonse. Wina anabweretsa ufa, wina nyemba, osafunsa kanthu. Mmodzi yekha anasiya kutipatsa moni, mpaka lero.