Madzi Saiwala Khwawa

Ife okhala m'mphepete mwa nyanja tili ndi chizolowezi choyesa kuti malo alionse pamene madzi aphwera asanduka athu. Kukachita chilala zaka ziwiri kapena zitatu, dambo n'kuuma, pomwepo wina wakhoma zikhomo, wina akuumba njerwa, ndipo mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikuthera mu uvuni. Amfumu kapena alangizi a zankhalango akabwera kudzaletsa, timati atichitira kaduka. Ine ndikuona kuti nkhaniyi tiyenera kuikambirana mofatsa m'mabanja mwathu.

Kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, mbali ya ku Machinga. M'chaka cha 1996 dziko lathu linalembetsa nyanjayi pamodzi ndi madambo ake pa pangano la Ramsar, lomwe maiko anapangana mu 1971 ku Iran pofuna kuteteza malo a chinyontho. Mu 2017 analembetsanso dambo la Elephant Marsh la ku chigwa cha Shire. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mitengo ya m'magombe a mitsinjeyi ikadulidwa, dothi limakokolokera m'nyanja n'kukhazikika momwemo chifukwa lilibe kotulukira. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri pa Kachulu anangotsala pamatope. Pa nthawi zoterezi matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi za m'mabango, ndipo madzi akabwerera mbewu ya nsomba imachokera komweko.

Mng'ono wanga atakwatira anafuna kumanga nyumba ya njerwa zootcha pa munda wa agogo athu, cha kumunsi kumene dambo limayambira. Anaika maso pa mikuyu iwiri ya pagombe kuti ikhale nkhuni za uvuni. Komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe inakana, amfumu nawo anagwirizana nayo. Anabwera kwa ine atapsa mtima. "Achimwene, malo ndi a agogo athu, mitengo sanadzale ndi boma. Nanga anthu awa akundiletsa ngati ndani?"

Funso lake linali lolemera, ndipo sindinalipeputse. Mnyamata amene wasunga ndalama za usodzi zaka zambiri kuti mkazi wake ndi ana agone m'nyumba ya malata sakufuna choipa. Tinapita kwa amalume, ndipo iwo sanachuluke zonena. Anatitenga n'kutionetsa pamene madzi ankafika iwo ali anyamata, pamwamba ndithu pa zikhomo zimene iye anakhoma. Anati makolo sanamange pamenepo osati chifukwa chosowa mphamvu, koma ankadziwa kuti malowo eni ake ndi madzi. Mng'ono wangayo anamanga kumtunda pa malo amene banja linamugawira, ngakhale anakhala miyezi ingapo osapereka moni kwa a komiti. Mikuyu ija ilipo, ndipo ndi imene yagwira gombe lomwe amayi amalimapo mpunga kumunsi kwake.

Abale athu a ku Mangochi anaziona ndi maso mu 2024, pamene nyanja ya Malawi inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu ndiponso m'malo ogona alendo omangidwa pamchenga. Akuluakulu anakumbukira kuti cha m'ma 1980 madzi anafikanso m'malo omwewo. Pajatu akale anati madzi saiwala khwawa.

Malamulo alipo. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, limapatsa midzi mwayi wosamala nkhalango zawo kudzera m'makomiti. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu za zomangamanga ziyambe zaunikidwa ngati sizidzaononga malo. Koma pano ndiyenera kunena chimene chimatiwawa ife anthu wamba. Msodzi akadula mtengo umodzi wowambira nsomba amalandidwa nkhwangwa, pomwe munthu wa ndalama amalambula mabango onse, kuthira dothi m'dambo ndi kumanga mpanda mpaka m'madzi, anthu n'kusowa pochapira ndi pokocheza bwato. Lamulo likamaluma osauka okha, anthu amaleka kulilemekeza. Choncho mafumu ndi makhonsolo amene amatiletsa ife aonetsenso mphamvu zomwezo kwa olemera, ndipo polanda nkhwangwa azitiuzanso kumene tingapeze mbande ndi malo ena omangapo.

Tsono abale ndi alongo, mwana wanu akafuna kumanga pafupi ndi dambo, musayambe ndi kuumba njerwa. Yambani mwafunsa agogo kumene madzi anafika pa chaka cha mvula yambiri, kenaka muonane ndi amfumu, a komiti ndi a ku khonsolo. Amayi owamba nsomba agwirizane zodzala mitengo yawoyawo ya nkhuni kumtunda kuti ya m'gombe isiyidwe. Kufunsa kumatenga masiku ochepa chabe, pomwe nyumba ikagwa ndi madzi, ndalama za zaka khumi zimapita usiku umodzi.