Fungo la Chigumu Pansi pa Mtengo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale, lero za mayeso tiziike kaye pambali. Ndikufuna ndikuuzeni za tsamba limodzi limene lili m'buku langa la Chemistry.

Zaka zingapo zapitazo ndinachita mwayi wopita ku Japan ku maphunziro a masabata ochepa a aphunzitsi a sayansi. Unali mwezi wa Novembala, pamene kumeneko kumayamba kuzizira ndipo mitengo imayoyola masamba. Loweruka lina anatitengera ku Kyoto. Tikuyenda m'paki ina ndinamva fungo la shuga wopserera, ngati chigumu chongophulidwa kumene. Ndinaunguza uku ndi uku kufuna kuona wophikayo, koma kunalibe moto ngakhale utsi. Mphunzitsi wa Chijapani amene amatiperekeza anaseka, nawerama, natola tsamba lachikasu looneka ngati mtima n'kundipatsa kuti ndinunkhize. Fungo lija linali m'tsambamo.

Mtengowo ndi katsura, dzina la sayansi Cercidiphyllum japonicum, ndipo kwawo ndi ku Japan ndi ku China. Ajeremani amautcha Kuchenbaum, kutanthauza mtengo wa keke. Chimene chimanunkhira ndi maltol, C6H6O3, yemweyo amene amapangika pa khoko la buledi akamaphikidwa. Ndiye mphuno yanga sinanditaye ayi. Chodabwitsa ndi ichi: tsamba likadali lobiriwira, fungo silimveka kwenikweni. Limamveka tsamba likasanduka lachikasu, n'kugwa, n'kuyamba kuuma.

Ndinaima pamenepo anzanga akupita. M'maganizo ndinali kumudzi, mayi atasanjika makala pachivundikiro cha poto, ife ana titazungulira kudikira kuti chigumu chipse. Ndinawerenga miyezi imene inadutsa ndisanakawaone: isanu ndi iwiri. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, n'kumadziuza kuti udindo ndakwaniritsa.

Tsamba lija ndinaliika m'buku kuti ndidzanunkhitse ana a Fomu 3. Nditafika nalo m'kalasi, linayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumbuyo. Mtsikana wina anaimirira n'kunena mwaulemu kuti, “Sala, likungonunkha pepala.” Kalasi lonse linafa ndi phwete. Sananame. Fungo linatsala ku Kyoto.

M'mawa mwake ndinabwera ndi supuni, shuga ndi kandulo. Tinapsereza shuga, ndipo ngakhale aja amagona kumbuyo anadzuka. Tsiku limenelo ndinavomereza kuti kwa zaka zambiri ndakhala ndikulembetsa ana manotsi a zinthu zimene sanazigwirepo kapena kuzinunkhiza, n'kumadabwa akaiwala. Kusowa kwa labu n'koona, tonse tikukudziwa, koma supuni ili m'nyumba iliyonse.

Holide itafika ndinakwera minibasi ya kumudzi. Mayi ndinawapeza atafooka, maso sakuona bwino. Ndinawapempha kuti andiphunzitse kuphika chigumu. Anaseka n'kuti, “Bambo wamkulu ngati iwe, mpaka lero?” Komabe anakhala pamkeka n'kumandiuza muyeso wa mgaiwa, nthochi zakupsa ndi soda, ine ndikukanda. Choyamba chinapserera pansi. Anadya chomwecho, akundinyoza.

Ana anga akale, ambiri mwa inu muli m'tauni, ena kunja. Ndalama tumizani ndithu, zimathandiza. Koma muwerengenso miyezi, monga ndinawerengera ine pansi pa mtengo uja. Tsambalo ndikadali nalo, louma gwa, lopanda fungo.