Miyala ya ku Carderock ndi mantha a kholo

Ku Takoma Park kulibe phiri. Amene munafikako mukudziwa: timisewu tokhotakhota, nyumba zakale zamatabwa za makhonde aakulu, mitengo yotalika kuposa madenga, ndi kamtsinje ka Sligo Creek kamene kwathu ana amangokalumpha popita kusukulu. Lamulungu pa Laurel Avenue pamakhala msika wa alimi, pafupi ndi chifanizo cha tambala wotchedwa Roscoe, yemwe ankangoyendayenda m'tauni muno. Tambala ameneyu akanakhala wa ku Ndirande sakanafika Khirisimasi. A mpingo wa Seventh Day amaudziwa bwino mzindawu chifukwa likulu lawo la padziko lonse linali kuno mpaka 1989, moti sindingadabwe kumva kuti ku Malamulo alipo amene anayamba kumva dzina la Takoma Park asanamve la Maryland.

Munthu ungaganize kuti kholo lokhala malo otere silingagone ndi nkhawa yoti mwana agwa pathanthwe. Koma ana akafuna mwala amaupeza.

Mukayenda mphindi khumi ndi zisanu pagalimoto kulowera kumpoto, pa Colesville Road, mufika pamalo otchedwa Burnt Mills, pamene mtsinje wa Northwest Branch umadutsa pansi pa msewu. Tsikani, mulowe m'kanjira kotsata madzi. Phokoso la magalimoto limatha msangamsanga, ndipo mumangopezeka muli m'chigwembe cha miyala ikuluikulu yosanjikizana, madzi akuchita thovu pakati pake. Kwa ine malowa amandikumbutsa Likhubula, kungoti Likhubula wake wachepa ngati malaya ochapa ndi madzi otentha. Loweruka m'mawa mudzakumana ndi achinyamata atabereka timatiresi topinda pakati, ngati anthu osamuka. Matiresiwo amayala pansi pa mwala, n'kupaka choko m'manja, n'kuyamba kukwera popanda chingwe. Masewerawa amawatcha bouldering. Mwala wake sutalika, mamita atatu kapena anayi basi, ndipo mnzako amaima kumbuyo atatambasula manja. Sikuti akuwakhe ayi, munthu wakugwa sawakhika, koma kuti ukamagwa akukankhire pamatiresi, mutu usakagunde pansi.

Mwana wanga wamkazi, wa zaka 15, anayambira kumeneko, atatengedwa ndi anzake a kusukulu. Kenako kunabwera jimu ya ku Rockville ya makoma a timiyala ta pulasitiki. Kenako, tsiku lina usiku, tinaonera limodzi filimu ya Free Solo, ndipo m'nyumba mwanga tulo tinachepa.

Amene simunaione, nkhani yake ndi iyi. Pa 3 June 2017, Alex Honnold, ali ndi zaka 31, anakwera thanthwe la El Capitan ku Yosemite, m'boma la California, lotalika pafupifupi mamita 900, popanda chingwe chilichonse. Nsapato, kathumba ka choko m'chiuno, basi. Zinamutengera maola 3 ndi mphindi 56. Filimuyo inatuluka mu 2018 ndipo chaka chotsatira inapata mphoto ya Oscar. Ine manja anachita thukuta ndili pampando, ngakhale ndinkadziwa kuti munthuyo ali moyo. Nditacheuka ndinaona mwana wanga maso ali gwa, akumwetulira.

"Adadi, mwaona kulimba mtima kwake?"

Ndinati ndaona. Koma mumtima ndinali kuwerengera zina, zimene kholo lililonse la kunja kuno limawerengera: bilu ya chipatala cha ku America, inshuwalansi imene imakukana pa tsiku lomwe ukuifuna, ndi mauthenga aja a pa WhatsApp amene tonse timawadziwa, opempha kuti tisonkhe kangachepe thupi la mnzathu lipite kumudzi. Ife sitinawoloke nyanja kuti ana azikalendewera pamiyala. Agogo ake nditawauza pafoni anangoti, "Kodi kumeneko masewera ena atha? Mwana wamkazi ndi pamtengo pomwe sakwera."

Kumuletsa kunali kotheka. Koma mwana wa zaka 15 woletsedwa amapitabe, kungoti sakuuzanso. Ndiye ndinasankha kupita naye ku Carderock, kuti ndikaone ndekha anthu amenewa ndi otani.

Kuchokera ku Takoma Park mumalowa mu Beltway kulowera kumadzulo, n'kupatukira mu Clara Barton Parkway musanawoloke mlatho wopita ku Virginia. Msewu ukakhala wabwino ndi theka la ola, ukadzaza, pemphererani. Mumadutsa pansi pa ngalande yakale ya Chesapeake and Ohio Canal, ija yoyambira ku Georgetown mpaka ku Cumberland, mtunda wa mamailosi 184.5, n'kuimika galimoto kumapeto kwa msewu. Kuchokera pamenepo n'kuyenda pang'ono m'nkhalango. Matanthwe ake simuwaona mpaka mutafika pamwamba pake penipeni, chifukwa anafulatira msewu n'kuyang'ana mtsinje wa Potomac. Si aatali. Ambiri safika n'komwe mamita 20. Munthu wa ku Mulanje akhoza kuseka. Koma yandikirani muugwire mwalawo: ndi wotuwa, wosalala ngati mphero yakale, popeza manja ndi nsapato zaupukuta kuyambira zaka za m'ma 1920. Pogwira pake ndi timatuza toyera ta mwala wolimba, tina tochepa ngati njere ya chimanga, ndipo munthu amaika chala chachikulu cha phazi pa kanjereko n'kuimirira thupi lonse.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pafupifupi aliyense anali pachingwe. Amayamba azungulira n'kukwera ndi kanjira, kukamanga chingwe pamwamba, n'kuchiponya pansi. Wokwera amavala malamba m'chiuno ndi m'ntchafu, mnzake amagwira mbali inayo. Asananyamuke amayang'anana mfundo, wina kugwira ya mnzake, ngakhale akhale a imvi amene akhala akukwera limodzi zaka makumi atatu. Ndinaona bambo wina wachikulire akuterereka katatu pamalo amodzimodzi, n'kulendewera, n'kuseka, n'kuyambiranso. Palibe amene anamuwombera m'manja, palibenso amene anamuseka.

Malo ano ali ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1940 kunkabwera banja lina, Herb ndi Jan Conn, ndipo mayina awo anatsalira pamiyala: pali thanthwe lotchedwa Jan's Face, palinso njira yotchedwa Herbie's Horror, imene Herb anakwera mu 1942 ndipo inali imodzi mwa njira zovuta kwambiri m'dziko muno nthawi imeneyo. Jan yemweyo, mu 1952, pamodzi ndi Jane Showacre, anakwera Devils Tower ku Wyoming popanda mwamuna pachingwe chawo, akazi oyamba kuchita zimenezo. Izi ndinasungira agogo. Koma nkhani imene ndimaikonda ndi ya Oscar wina, osati wa mphoto uja. Okwera miyala a gulu la Potomac Appalachian Trail Club anali ndi chidole cholemera ngati munthu wamkulu, anachitcha Oscar. Ankachikweza mumtengo pompano pa Carderock n'kuchigwetsa, kuti wogwira chingwe aphunzire kuimitsa munthu wakugwa popanda chingwe kuduka kapena iye mwini kukokedwa. Taganizani, anthu akuluakulu, ophunzira, kutha Lamulungu lonse akugwetsa chidole. Anthu amenewa kugwa ankakuopa, ndipo mantha awowo anawasandutsa ntchito.

Nditabwerera kunyumba ndinaioneranso filimu ija, ulendo uno ndi diso lina. Anthu amakonda kunena za ubongo wa Honnold. N'zoona kuti mu 2016 anamujambula m'mutu ndi makina, ndipo kachigawo ka ubongo kamene kamadzutsa mantha, kotchedwa amygdala, sikanatekeseke ndi zithunzi zimene enafe zimatidzidzimutsa. Ndiye anthu amati basi, anabadwa choncho. Ine ndikuona kuti kutero n'kuthawa nkhani. Munthuyu anatha nthawi yoposa chaka akukwera njira yomweyo ya Freerider ali pachingwe, kubwereza malo ovuta kambirimbiri, kulemba m'kope kuti apa dzanja lamanzere, apa chala chakuti, mpaka kutsitsa m'chikwama miyala yogwedera imene inali m'ming'alu. Pokonzekerapo anagwa ali pachingwe n'kubinya bondo la phazi. Ndipo chakumapeto kwa 2016 ananyamuka kusanache kuti akwere popanda chingwe, ojambula atakonzeka, ndalama zitalowa kale, koma atakwera pang'ono anaona kuti mapazi sakuwakhulupirira, n'kusiya. Anatsika. Anadikira miyezi ina yoposa isanu ndi umodzi.

Pachichewa tili ndi mawu awiri amene ana obadwira kuno amawasokoneza: kulimba mtima ndi kuuma mutu. Wouma mutu samva, akanena kuti apita ndiye kuti apita. Wolimba mtima ndi mayi uja amene pamaliro a mwamuna wake amadzuka n'kuona ngati ana adya. Mantha ndi chisoni ali nazo, koma manja akugwirabe ntchito. Pamwala, wouma mutu ndi amene amapitirira chifukwa anzake akumujambula pafoni. Mu filimu yonse ija, pamene ndinamuona Honnold kuti ndi wolimba mtima ndi m'mawa umene anatsika uja, anthu onse akumuyang'ana.

Komabe musandimve ngati ndikuyamikira kukwera popanda chingwe. Sindikuyamikira, ndipo mwana wanga ndinamuuza mosapsatira. John Bachar anali katswiri wa masewera omwewa kwa zaka zoposa makumi atatu, wokonzekera kuposa aliyense, koma pa 5 July 2009 anagwa pathanthwe lina pafupi ndi kwawo ku Mammoth Lakes n'kufa ali ndi zaka 52. Derek Hersey anagwa ku Yosemite mu 1993. Akuluakulu anati likafika tsiku lakufa nyani mitengo yonse imaterera. Kamwala kakhoza kuthyoka, mvula ikhoza kuwaza, mavu akhoza kutuluka m'phanga. Kukonzekera kumachepetsa ngozi, koma pa mamita 600 popanda chingwe kulakwitsa kumodzi n'kokwanira, ndipo amene amatsala ndi chisoni ndi mayi ako.

Mwezi womwewo wa July 2009, kwathu ku Mulanje, mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha kulowera pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Nyengo inasintha, monga imachitira kumeneko, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Analibe chifukwa chodzikayikira: anali wamphamvu, wophunzira, woyenda mayiko ambiri. Anthu a m'munsi mwa phirilo ali ndi malamulo awo akalekale, onena za mizimu ndi za chakudya chimene ukachipeza m'njira umadya osaitana mnzako. Wina akhoza kuseka. Koma dzina lokhalo lakuti Sapitwa ndi chenjezo la anthu amene anaona chifunga chikutsika masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndipotu tisamachite ngati kukwera popanda chingwe ndi zachizungu. Ndani wa ife sanakwerepo mtengo wa mango mpaka kunsonga, nthambi ikuwerama? Ofula njuchi amakhoma zikhomo pamlambe n'kukwera usiku, muuni uli m'manja. Amene munakwerapo Mulanje zaka zapitazo munakumana ndi amuna akutsetsereka pamiyala yonyowa opanda nsapato, matabwa a mkungudza ali pamutu. Palibe anawajambula filimu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankaika moyo pachiswe kuti ana adye, pamene ana athu akuchita izi atakhuta, ndipo mwina n'chimene chimatipweteka ife makolo. Koma kodi si kukhuta komweko kumene tinadzera kuno?

Tinapangana chonchi. Miyala ifupiifupi ya ku Northwest Branch akwere, matiresi ali pansi, mnzake ali kumbuyo. Ku Carderock ndi ku Great Falls, chingwe ndi chipewa cholimba nthawi zonse, ndipo m'madzi a Potomac asayerekeze n'komwe kuviika phazi. Pamwamba amaoneka odekha koma pansi amakoka, n'chifukwa chake kusambira kumeneko n'koletsedwa. Inenso ndinaphunzira kugwira chingwe. Tsiku loyamba limene anaterereka ine nditagwira, chingwe chinandikoka m'chiuno, iye n'kulendewera m'mwamba akuzungulira ngati dzungu la pamtengo.

"Adadi, mwandigwira?"

"Ndakugwira, mama. Bwerera pomwe unalekera."

Mawondo anga ankagundana, koma sanaone.

Tsopano wamva za Chambe. Anapeza yekha pa intaneti kuti thanthwe la kumadzulo kwa nsonga imeneyi, lija limaoneka mukamachokera ku Blantyre, ndi lotalika pafupifupi mamita 1,700, kutanthauza El Capitan kuwirikiza pafupifupi kawiri, ndipo ambiri amalitcha khoma lalitali koposa lokwera ndi zingwe mu Africa. Wamvanso kuti ku Lilongwe kuli gulu la Climb Malawi limene likuphunzitsa achinyamata masewerawa. Mwana amene ndinkachita kumukakamiza kuti alankhule ndi abale pafoni, lero akufunsa yekha kuti tipita liti kumudzi, ndipo akuti tipite nthawi ya tchuthi cha July, miyala ili youma, osati December wa mvula.

Agogo ake nditawafotokozera za Jan Conn ndi za Chambe anakhala chete kanthawi, mpaka ndinayesa netiweki yadula. Kenako anati, "Muuze abwere. Ayambe wakwera mtengo wa mapeyala uli kuseri kwa khitchiniwu. Akumwambawo akungothera mbalame."